Mafunso Anu: Ntchito yowongola kayendedwe ka uthenga ndi makompyuta m'zipatala

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi, ndiyo ntchito ya anthu amene amaonetsetsa kuti makompyuta, mafoni ndi makaundula a m'zipatala akuthandiza odwala m'malo mowachedwetsa. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwanire.

Funso: Ndili mu Folomu 4 ndipo ndimakhoza bwino masamu ndi phunziro la kompyuta. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkafuna kudzagwira ntchito kuchipatala, koma ndikaona magazi ndimachita chizungulire. Aphunzitsi anga akuti kuchipatalako kulinso ntchito ya makompyuta. Kodi ntchito imeneyi ndi yokonza makompyuta akawonongeka basi? Ndine mtsikana wa ku Kasungu.

Yankho: Mwana wanga, kukonza kompyuta yowonongeka ndi kachigawo kakang'ono chabe ka ntchito imeneyi. Kuti uimvetse bwino, tsiku lina udzalawire m'mamawa n'kukakhala pa benchi ya chipatala chomwe uli nacho pafupi, ndipo udzasankhe mayi mmodzi wobereka mwana wotentha thupi kuti umutsate ndi maso. Mayiyo amayamba wafola pamzere kuti alembetse, buku la kuchipatala la mwanayo lili m'manja, nthawi zina litanyowa ndi mvula kapena masamba ena atathothoka. Akachoka apo mwana amaikidwa pa sikelo, kenako amakaonana ndi adokotala amene amawatumiza ku labotale kukayezetsa malungo, ndipo zotsatira zikatuluka amabwereranso kwa adokotala omwe aja asanapite pa windo lolandirira mankhwala. Pafupifupi pa malo onsewa pali kaundula wake, choncho dzina la mwanayo limalembedwa kangapo ndi manja osiyanasiyana, wina kuika dzina la bambo ake, wina dzina la agogo amene akumulera, wina kulakwitsa zaka. Mwezi ukatha, namwino amakhala pansi ndi cholembera n'kumawerenga mzere ndi mzere kuti atulutse lipoti lopita ku ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo, ndipo manambala a m'malipoti oterewa ndi amene amathandiza kudziwa kuchuluka kwa mankhwala a malungo otchedwa LA omwe chipatalacho chiyenera kulandira. Namwinoyo akaphonya chifukwa chotopa, miyezi ikubwerayo mayi wina adzauzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha.

Munthu wa ntchito imene ukufunsayi ndi amene amaona ulendo wonsewo n'kuyamba kufunsa mafunso. Kodi dzinali liyenera kulembedwa kangati? Kodi zotsatira za ku labotale sizingafike zokha kwa adokotala, mayiyo osayenda nazo m'makhonde ndi mwana kumsana? Kodi lipoti la pamwezi silingatuluke lokha kuchokera pa zomwe zalembedwa tsiku ndi tsiku? Akapeza mayankho, amakhala pansi ndi anamwino, adokotala, a ku labotale ndi anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, kuti agwirizane njira yatsopano, aiyese, aphunzitse anthu, kenako abwerenso kudzaona ngati mzere wafupikadi.

Chitsanzo chabwino sitichita kukachifuna kutali. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chomwe lero timachitcha Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la bungwe la Baobab Health, anaika makompyuta ongodina pa sikirini ndi chala polembetsa odwala. Anasankha njira imeneyi ataona kuti ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndipo kuwauza kuti azitayipa kukanatalikitsa mzere womwe ankafuna kuufupikitsa. Anaonanso kuti Mmalawi sasiyana ndi buku lake la kuchipatala, ndiye m'malo molithetsa anakonza zoti makina azisindikiza kapepala komata kokhala ndi timizere ta barcode, kamene kamamatidwa pa bukulo, moti wodwala akabweranso amangoloza kachipangizo pa timizereto ndipo mbiri yake imatuluka nthawi yomweyo. Podziwa kuti magetsi kwathu kuno amazimazima, anachita zoti makompyutawo aziyendera mabatire. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, chiwerengero cha olandira mankhwalawa chinakula mofulumira kwambiri moti makadi a pepala anayamba kuvuta kuwerenga m'zipatala zikuluzikulu, ndipo mu 2006 njira yomweyi inayamba kugwiritsidwa ntchito ku kiliniki ya ma ARV ya pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Uone kuti pa mfundo zonsezi palibe imene inachokera m'buku la kompyuta lokha. Zonse zinachokera pa kuyang'anitsitsa momwe chipatala cha kwathu chimayendera.

Masiku ano anthu a ntchitoyi amagawika m'magulu angapo. Ena amasamala makina, mawaya, ma seva ndi mabatire, ndipo amakhalira kuyenda pa galimoto kapena njinga yamoto kuchoka chipatala ichi kupita china. Ena amalemba mapulogalamu. Ena amasanthula manambala kuti akuluakulu apange ziganizo zoyenera. Koma amene ndimaona kuti amasowa kwambiri ndi woima pakati, amene amamva chiyankhulo cha namwino komanso cha wolemba mapulogalamu, n'kutha kumasulira zofuna za mbali imodzi kuti mbali inayo izimve. Iweyo limbikira masamu ndi Chingerezi, ndipo usataye phunziro la Biology poganiza kuti silikukhudza, chifukwa udzafunika kudziwa tanthauzo la zimene makinawo akusunga. Maphunziro a kompyuta alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo komanso ku Mzuzu University. Magazi sudzawagwira, koma fungo la m'wodi ndi kulira kwa ana udzayenera kuzizolowera, pakuti ntchitoyi siitheka utangokhala mu ofesi.

Funso: Ndinamaliza digiri ya ICT zaka ziwiri zapitazo koma ntchito sindinaipezebe. Ndimaona zolengeza ntchito za mabungwe a zaumoyo zikufuna munthu wodziwa DHIS2 ndi EMR, zinthu zomwe ku sukulu sitinaphunzire. Ndiyambire pati? Ndine mnyamata wa ku Ndirande.

Yankho: Achimwene, yambirani pa DHIS2, chifukwa ndi nkhokwe imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a pamwezi ochokera m'zipatala za m'maboma onse 28. Pulogalamuyi imatsogoleredwa ndi University of Oslo ya ku Norway, ngakhale kuti mizu yake ili ku Cape Town ku South Africa, kumene ntchito yoyamba inachitika m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero mayiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito. Dziko la Malawi linayamba kuigwiritsa ntchito cha mu 2012. Ubwino wake kwa munthu ngati inu ndi wakuti ndi yaulere, maphunziro ake oyambira amapezeka pa intaneti osalipira, ndipo pali malo oyesererapo okhala ndi manambala ongopeka, pomwe mungaphunzire kupanga mafomu, matebulo ndi mapu popanda kuwononga kanthu. Dipatimenti ya kompyuta ya ku University of Malawi ili m'gulu la HISP, lomwe ndi la akatswiri osamala pulogalamuyi m'mayiko osiyanasiyana, kotero anthu oidziwa bwino alipo konkuno.

EMR ndi mbiri ya wodwala mmodzimmodzi yosungidwa mu kompyuta. Kusiyana kwake ndi DHIS2 ya malipoti a pamwezi ndi kwakuti lipoti limangonena kuti ana angati adwala malungo mwezi uno, pamene EMR imanena kuti mwana uyu anabwera liti, anapezeka ndi chiyani, ndipo anapatsidwa mankhwala anji. Pophunzira mbali imeneyi, tsitsani OpenMRS, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Regenstrief Institute pamodzi ndi Partners In Health, ndipo bungwe lachiwirili, lomwe ku Neno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likuigwiritsa ntchito m'bomalo kwa zaka zambiri. Muiike pa kompyuta yanu, mulembetse odwala ongopeka makumi angapo, kenako mutsegule database yake, nkhokwe imene imasunga zonse zolembedwa, muone momwe zinthu zakhalira mkati. Pamenepo mudzaona kufunika kwa SQL, njira yolembera malamulo ofunsira uthenga mu database, yomwe ndikukulangizani kuti muidziwe mpaka muziilemba osayang'ana m'buku. Onjezerani pang'ono Linux, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa makompyuta ndi ma seva, kayalidwe ka netiweki, ndi Excel yeniyeni, osati yongolembera mayina.

Mukafuna kudziwa kumene ntchito ya mtsogolo ili, yang'anani pomwe mapulogalamu akulephera kuyankhulana. Malipoti a mankhwala amapita mu OpenLMIS, imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2017, zotsatira za magazi zili m'makina a ku labotale, alangizi a zaumoyo m'midzi akulemba mu iCHIS pa matabuleti, ndipo kiliniki ya ma ARV ili ndi EMR yake. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kupezeka m'malo onsewa ndi manambala osiyana. Chiphaso cha unzika chimene NRB inayamba kupereka mu 2017 chimathandiza kuzindikira akuluakulu, koma chimaperekedwa kwa munthu amene wakwana zaka 16, ndipo odwala ambiri m'zipatala zathu ndi ana. Unduna uli ndi nthambi yoona za digital health, imene ikuyesetsa kusonkhanitsa zonsezi pansi pa dongosolo limodzi lotchedwa MaHIS. Mukamawerenga, fufuzani za HL7 FHIR, yomwe ndi njira yogwirizana padziko lonse yotumizirana uthenga wa odwala pakati pa mapulogalamu, komanso ICD, yomwe ndi ndondomeko ya bungwe la WHO yopatsa nambala matenda aliwonse.

Olemba ntchito ndi Undunawo, mabungwe monga EGPAF, limene mu 2019 linayamba kusamala makina a m'makiliniki ambiri a ma ARV, Luke International ku Mzuzu, Lighthouse ku Lilongwe, malo ofufuzira monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, ndiponso zipatala zolipira, kumene nkhani yaikulu imakhala mabilu ndi makampani a inshulansi. Ndiyenera kukuuzani poyera kuti ntchito zambiri za m'mabungwe zimadalira thandizo lakunja ndipo zimakhala za kontrakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu January 2025, anthu ambiri a m'mapulojekiti a zaumoyo anakhala pakhomo mwadzidzidzi. Chifukwa chake phunzirani luso lomwe mungapite nalo kulikonse, osati pulogalamu ya bungwe limodzi lokha.

Mukapeza mwayi wa ntchito ya data clerk, musaikane poganiza kuti ndi yaing'ono kwa munthu wa digiri. Chaka chimodzi cholowetsa makadi a odwala mu kompyuta chidzakuonetsani chifukwa chimene manambala amasemphanirana, ndipo pa mayeso olowera ntchito yaikulu mudzakhala ndi nkhani yeniyeni yofotokoza, pamene anzanu azidzangotchula mayina a mapulogalamu.

Funso: Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito zaka 11 pa chipatala china cha m'boma. Chaka chatha anatibweretsera matabuleti kuti tizilembamo amayi oyembekezera, koma makaundula a pepala sanachotsedwe, ndiye tikulemba kawiri. Netiweki ikavuta timadikira, amayi ali pamzere, ndipo amene anaika zinthuzi anatiphunzitsa masiku awiri okha n'kupita. Mtima umandiwawa, koma ndimaonanso kuti zikanakonzedwa bwino zikanatithandiza. Kodi namwino ngati ine angalowe m'ntchito yokonza zimenezi, kapena ndi ya anthu a makompyuta okha? Ndine mayi wa m'chigawo cha kummwera.

Yankho: Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna mudziwe kuti m'mizere yochepa mwatchula zolakwika zitatu zimene katswiri wolipidwa ndalama zambiri akanatenga masabata kuti azipeze. Mwaona kuti ntchito yawirikiza, mwaona kuti palibe njira yogwirira ntchito netiweki ikavuta, ndipo mwaona kuti maphunziro sanatsatiridwe ndi munthu wokhala nanu m'wodi. Kuona koteroko ndiye phata la ntchito yonseyi. Mnyamata wa makompyuta akhoza kuphunzira kulemba pulogalamu m'miyezi ingapo, koma sangadziwe payekha kuti mzamba amene wavala magulovesi ndipo akuyeza mimba sangagwire tabuleti, kapena kuti funso la tsiku lomaliza kusamba silifunsidwa mokweza amayi ena akumva. Inu mukudziwa zimenezi ngakhale mutadzutsidwa pakati pa usiku.

Kulemba kawiri kuli ndi chifukwa chake pachiyambi. Pulogalamu yatsopano ikangofika, akuluakulu amaopa kutaya mbiri ya odwala ngati makina atalephera, choncho amasunga pepala kuti afananize. Cholakwika chimabwera pamene palibe amene wanena kuti kufananizako kudzatha liti, ndiponso kuti pakufunika umboni wotani kuti kaundula wa pepala apumitsidwe. Zikatero miyezi imasanduka zaka, ogwira ntchito amatopa, amayamba kulemba pa pepala pokha n'kudzalowetsa mu tabuleti madzulo kapena kumapeto kwa sabata, ndipo zimene zili mu makina zimasiya kufanana ndi zenizeni. Pamapeto pake anthu amati makinawo ndi osathandiza, pamene vuto linali dongosolo lowagwiritsira ntchito. Za netiweki nazo zili ndi mankhwala ake, chifukwa mapulogalamu ambiri a m'zipatala amatha kukonzedwa kuti azisunga uthenga mu tabuleti momwemo n'kudzautumiza netiweki ikabwera, ndipo chipatala chilichonse chiyenera kukhala ndi fomu yachidule yogwiritsa ntchito makina akaima, pamodzi ndi munthu wodziwika amene adzalowetse zolembedwazo pambuyo pake.

Ndikupempheni kuti muyambe ndi zomwe muli nazo m'manja. Kwa sabata imodzi, tengani wotchi ndi kope, ndipo muzilemba nthawi imene mayi walowa m'chipinda, mphindi zimene mwathera pomuyeza, mphindi zimene mwathera pa kaundula, ndi mphindi zimene mwathera pa tabuleti. Lembaninso tsiku ndi ola limene netiweki yavuta, ndi kutalika kwa nthawi imene mwadikira. Kenako yalani kaundula pa tebulo, muike tabuleti pambali pake, muwerenge mafunso amene akupezeka mbali zonse ziwiri, ndi amene akufunsidwa koma palibe amene amagwiritsa ntchito mayankho ake. Pomaliza jambulani pa pepala lalikulu njira imene mayi amayenda kuchokera pa geti mpaka kutuluka, ndipo muike chizindikiro paliponse pamene amaima kudikira. Musalembe dzina la wodwala aliyense m'kope limeneli. Mukatenga zimenezi kupita nazo ku komiti yoona za kukweza ntchito pa chipatala chanu, imene ambiri amaitcha QIST, simudzaonekanso ngati munthu wongodandaula, chifukwa mudzakhala mwabwera ndi umboni umene a matroni ndi a ku ofesi ya DHO angathe kupita nawo kwa eni pulogalamu. Ngati pa chipatala chanu munachitapo za 5S ndi KAIZEN, njira zolongosola malo ogwirira ntchito ndi kuwongola ntchito pang'onopang'ono, zimene zinafika m'zipatala zathu ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, mudzaona kuti kaganizidwe kake ndi komweko, kungoti tsopano mukusesa m'njira ya uthenga m'malo mosesa m'kabati ya mankhwala.

Polowera pa anamwino ambiri ndi pamenepa. Amayamba ngati munthu amene anzake amathamangira tabuleti ikavuta, kenako amatengedwa kukaphunzitsa zipatala zina, ndipo m'kupita kwa nthawi amaitanidwa pamene pulogalamu yatsopano ikukonzedwa kuti anene ngati ikugwirizana ndi ntchito ya m'wodi. Palinso ntchito monga ya Chipatala Cha Pa Foni, imene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pano ili m'manja mwa boma, kumene azaumoyo amalangiza anthu pa foni mothandizidwa ndi kompyuta. Phunzirani Excel ndi maphunziro oyambira a DHIS2 amene ndauza mnyamata wa ku Ndirande, ndipo ngati muli ndi digiri, fufuzani za maphunziro apamwamba a Informatics ku University of Malawi. Chiphaso chanu cha ku Nurses and Midwives Council musachilekerere kuti chithe mphamvu, pakuti anamwino anzanu adzakumverani msanga podziwa kuti ndinu mmodzi wa iwo amene wachezerapo usiku m'chipinda chochilira.

Funso: Mwana wanga wapeza ntchito yolowetsa mbiri za odwala mu kompyuta pa kiliniki ya ma ARV. Takondwera, koma abale ena ayamba kale kumunyengerera kuti awaonere ngati wakutiwakuti amalandira mankhwala kumeneko. Ndimulangize bwanji? Ndine bambo wa ku Mzimba.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanafike poipa. Muuzeni mwana wanu kuti yankho lake kwa aliyense, ngakhale kwa inu amene, likhale limodzi lokha, lakuti za kuntchito sakamba. Asayankhe kuti munthuyo sanamuonepo, chifukwa tsiku limene adzakhale chete anthu adzadziwa tanthauzo la kukhala cheteko. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuulula momwe mthupi mwa munthu mulili popanda chilolezo chake, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya mu 2024, imene bungwe la MACRA limayang'anira, limaika nkhani za umoyo m'gulu la uthenga wofunika kusamalidwa mwapadera. Adziwenso kuti mapulogalamu otere amasunga dzina la amene walowamo ndi nthawi yake, choncho asabwereke mnzake password yake ngakhale mzere utatalika bwanji, chifukwa cholakwa chilichonse chidzakhala pa dzina lake. Asajambule kaundula kapena sikirini n'kutumiza pa WhatsApp, ngakhale atapempha ndi bwana, ndipo asatenge mbiri za odwala pa flash kupita nazo kunyumba kuti akamalizire ntchito.

Koma choposa lamulo ndi chakuti m'mudzi mukangomveka mphekesera imodzi yochokera pa kiliniki, anthu amasiya kubwera kudzalandira mankhwala, ena amayamba kukwera minibasi kupita ku chipatala cha kutali kumene sadziwika, ndipo ndalama ya ulendo ikasowa amadumphitsa mankhwala. Inu monga kholo muli ndi mbali yanu. Abale amenewo muwayankhe nokha, mwaulemu koma mosabisa mawu, kuti mwana asamasenze yekha katundu wokana akuluakulu ake.

Funso: Ndili ku Manchester ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kumudzi ndinali ndi dipuloma ya kompyuta. Kodi pali njira yolowera ntchito ya makompyuta m'zipatala za NHS, zomwe ndi za boma kuno ku Britain, ndipo kodi luso limenelo lingadzandithandize ndikadzabwerera kwathu? Ndine mayi wochokera ku Zomba.

Yankho: Achemwali, njira ilipo, ndipo ntchito imene mukugwira panoyo ikukuikani pabwino kuposa momwe mukuganizira, chifukwa mukudziwa kale kulemba za kasamalidwe ka munthu, kupereka lipoti posinthana mashifiti, ndi kusunga chinsinsi. Zipatala za ku England zakhala zikuchoka pa pepala kupita pa makina akuluakulu osunga mbiri ya wodwala, ndipo komwe muliko, zipatala za pansi pa Manchester University NHS Foundation Trust zinayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Epic mu September 2022. Kusintha kotere kumafuna anthu ambiri omwe si olemba mapulogalamu, monga ophunzitsa ogwira ntchito, oyendayenda m'mawodi kuthandiza amene asokonezeka masiku oyambirira, oyankha mafoni pa service desk, oyesa pulogalamu isanaperekedwe, ndi olemba manambala a matenda pa mafayilo a odwala, ntchito imene kumeneko amaitcha clinical coding. Ambiri amayambira pa service desk kapena pa ukalaliki wa m'wodi n'kumakwera pang'onopang'ono. Satifiketi ya ITIL, yomwe imaphunzitsa kayendetsedwe ka ntchito za makompyuta m'bungwe, ndi ya PRINCE2 ya kayendetsedwe ka mapulojekiti, zimatchulidwa kawirikawiri pa zolengeza ntchito za kumeneko. Musanasiye ntchito imene muli nayo, funsani kwa mlangizi wovomerezeka wa za visa, chifukwa chilolezo cha ambiri osamalira okalamba chimamangiriridwa kwa wolemba ntchito ndi mtundu wa ntchitoyo.

Mukakhala kumeneko muphunzirenso pa zimene zinawavuta. Mu 2002 boma la Britain linayambitsa pulojekiti yaikulu yotchedwa National Programme for IT, yofuna kuika zipatala zonse za ku England pa dongosolo limodzi, ndipo mu 2011 linalengeza kuti likuithetsa itadya ndalama mabiliyoni ambiri a mapaundi. Chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa kwambiri ndi chakuti zinthu zinkaganizidwa ku likulu, adokotala ndi anamwino osafunsidwa mokwanira, lomwe ndi dandaulo lomwe lija la mzamba amene ndamuyankha pamwambapa. Mu May 2017 kachilombo ka kompyuta kotchedwa WannaCry kanatseka makina m'zipatala zambiri za NHS, ndipo maulendo okaonana ndi adokotala pafupifupi 19,000 analephereka, makamaka chifukwa makompyuta ambiri anali asanalandire zokonza zimene kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale miyezi iwiri m'mbuyomo.

Luso limene mudzabwere nalo kwathu si dzina la pulogalamu, chifukwa Epic ndi yodula kwambiri ndipo zipatala za boma kuno zimadalira mapulogalamu aulere monga DHIS2. Chimene chidzagwire ntchito ku Zomba Central kapena pa chipatala chaching'ono cha kumudzi ndi mwambo wa kagwiridwe ka ntchito, monga kulemba vuto lililonse limene lanenedwa ndi kulitsata mpaka litatha, kuyesa kusintha kulikonse kusanafike kwa odwala, kufunsa ngati kusinthako kungavulaze munthu, ndi kukonzeratu zochita tsiku limene makina adzaime. Pamene mukudikira mwayi, tengani maphunziro a DHIS2 pa intaneti madzulo mukaweruka, ndipo mukadzabwera ku tchuthi mudzapemphe chilolezo kwa akuluakulu a chipatala chimodzi kuti mukhale tsiku lathunthu mu ofesi ya HMIS, yosonkhanitsa malipoti a zaumoyo, kumayambiriro kwa mwezi, nthawi imene malipoti a pepala ochokera m'zipatala zing'onozing'ono amafika kuti alowetsedwe mu kompyuta.